Kujambula kanema wa nyimbo: ntchito imayambira pa sipika ndi papepala

Kanema wa nyimbo amasiyana ndi filimu kapena kanema wa ukwati pa chinthu chimodzi chachikulu: mawu ake amakhala atatha kale. Nyimbo inajambulidwa ku situdiyo, ndipo tsiku lotenga zithunzi palibe mawu atsopano amene akufunika. Woimba amangotsatira nyimbo imene ikulira pa sipika, imene ojambula amaitcha playback, ndipo pambuyo pake mkonzi amataya phokoso lonse la pamalopo n'kuikapo nyimbo ya ku situdiyo. Zimenezi zimapeputsa zina. Jenereta ikhoza kulira, wotsogolera akhoza kukuwa, ana akhoza kumaseka chapatali, palibe chowonongeka. Koma zimabwera ndi lamulo louma: chithunzi chilichonse chiyenera kukwana pa nyimbo imene singasunthenso ngakhale pang'ono.

Choncho chinthu choyamba kupempha kwa woimba ndi nyimbo yomalizidwa, fayilo ya WAV (ya mawu osapanikizidwa) yochokera kwa produsa, osati MP3 imene inatumizidwa pa WhatsApp kuti anthu amvereko kaye. Makanema ambiri amafera pomwepa. Anthu ajambula tsiku lonse ndi nyimbo yosamalizidwa, kenako produsa afupikitsa poyambira, kapena awonjezera kolasi, kapena woimba abwereza vesi yachiwiri ndi kapumidwe kena, ndiye milomo ndi mawu zasiyana njira. Kukweza bass kapena kutsitsa gitala sikuvuta. Chovuta ndi kusintha kutalika kwa nyimbo, liwiro lake, kapena kaimbidwe. Dziwaninso kuti masitudiyo ambiri amatulutsa nyimbo pa mlingo wojambulira mawu wa 44.1 kHz pamene makanema amayendera 48 kHz. Pemphani produsa akupatseni ya 48 kHz, ndipo fayilo imeneyo ikhale yomweyo yoliza pamalo ojambulira ndi yokonzera kanema pa kompyuta.

Mukailandira, ikhaleni pansi ndi pepala. Lembani nthawi ya gawo lililonse: poyambira pathera pa sekondi yanji, vesi yoyamba iyambira pati, kolasi ikubwera kangati, ndi pati pamene ng'oma zikuleka n'kutsala mawu okha. Pepala limeneli ndilo mapu a ntchito yonse. Kuchokera pamenepo mumalemba tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza mmene kanema adzaonekere, malo, zovala, mitundu, ndi anthu ofunika, woimba n'kuvomereza asanatulutse ndalama iliyonse. Kenako mumalemba mndandanda wa zithunzi zoti zitengedwe, motsatira malo ndi dzuwa, osati motsatira nyimbo.

Zithunzi za kanema wa nyimbo zili m'magulu atatu: woimba akuimba, sewero lofotokoza nkhani, ndi tizithunzi todzazira monga manja pa ng'oma, mapazi a ovina, msewu, nyanja. Msana wa kanema ndi gulu loyambalo. Sewero ndilo limadya nthawi ndi ndalama zambiri, ndipo ndilo limalakwika msanga. Chizolowezi chosewera mzere uliwonse wa nyimbo, woimba akati "ndinalira" tione munthu akulira, akati "ndinapita kumudzi" tione basi, chimafooketsa kanema, chifukwa woonera amva kale ndi khutu ndipo diso silikumupatsa chatsopano. Nkhani imodzi yaing'ono, ya anthu awiri pamalo amodzi, imagwira mtima kuposa masewero 10 othamangitsa. Pa tsiku limodzi malo 3 ndi okwanira. Kusamuka kulikonse, kupakira zida, kuyenda, kutsitsa, kuyatsanso nyali, kumadya ola kapena kuposa.

Za chilolezo musazisiyire tsiku lomwelo. Kumudzi mumayamba mwaonekera kwa amfumu. Pamsika kapena padepoti pali akuluakulu a pamalopo ndi khonsolo. M'malo osungira nyama monga Liwonde kapena Majete muli malamulo ake ojambulira, ndipo drone siiulutsidwa mwachisawawa, makamaka pafupi ndi bwalo la ndege monga Chileka kapena Kamuzu, kapena malo a chitetezo. Ana amafunika chilolezo cha makolo. Gule Wamkulu si chovala chongobwereka kuti kanema akongole: ali ndi eni ake, ndipo kumujambula kumadzera kwa iwo ndi kwa amfumu. Pakati pa woimba ndi wojambula pakhalenso pepala losainirana, lonena ndalama, tsiku lopereka kanema, kuchuluka kwa maulendo amene woimba angapemphe zosintha, ndi mwini wa zithunzi zosakonza. Mikangano yambiri imabuka pa mfundo ziwiri zomalizazi.

Kamera ndi magetsi athu

Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana mwachangu, chilichonse chimatchedwa felemu. Magetsi a ku Malawi, monganso ku Zambia ndi ku Mozambique, amayenda pa 50 Hz, ndipo mababu ambiri amathwanima motsatira liwiro limenelo ngakhale diso silikuona. Kamera imaona. Mukajambula mafelemu 30 kapena 60 pa sekondi pansi pa machubu a m'tchalitchi kapena mababu a LED otchipa, mupeza mizere yakuda ikuyenda pa chithunzi, kapena kuwala kukuphethira. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30. Njira yake ndi kujambula mafelemu 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi imene kuwala kumalowa mu kamera pa felemu iliyonse) ya 1/50 ya sekondi, kapena mafelemu 50 ndi shutter ya 1/100. Mawailesi akanema akunonso amayendera 25, ndiye mwapha mbalame ziwiri. Makamera onse a tsikulo, kuphatikizapo drone, atcheredwe chimodzimodzi.

Shutter ya 1/50 ndiyo imapatsa kayendedwe ka thupi kufewa kumene maso athu anazolowera. Vuto limabwera panja masana: kuwala kumachuluka, ndipo wosadziwa amakweza shutter kufika 1/2000 kuti chithunzi chisayere. Zotsatira zake ovina amaoneka ngati akudumphadumpha. Chofunika ndi ND filter, galasi lakuda lomangirira kutsogolo kwa lenzi, limene limachepetsa kuwala osakhudza shutter. Ndi kachida kakang'ono, koma popanda iko kujambula pa dzuwa la kuno n'kudzivutitsa.

Kuyendetsa chithunzi pang'onopang'ono, slow motion, kuli ndi masamu ake ngati woimba akufunika kuoneka akuimba. Mukajambula mafelemu 50 n'kudzawaseweretsa pa 25, zonse zimayenda theka la liwiro, milomo yomwe. Kuti milomo idzagwirizane ndi nyimbo, playback iyenera kulira mothamanga kawiri pojambula, ndipo woimba aimbe mothamanga choncho. Pa nyimbo yodekha zimatheka. Pa rap kapena pa vesi ya mawu othithikana lilime silikwanitsa. Pamenepo jambulani mafelemu 30 oti mudzaseweretse pa 25, playback ithamange pa 120 peresenti, ndipo shutter ikhale 1/50 kapena 1/100 ngati muli pansi pa magetsi. Chithunzi chimafewa pang'ono ndipo woimba amakwanitsa. Mafayilo othamangawa akonzedwe dzulo lake ndipo woimba ayeserere kunyumba.

Foni yabwino ikhoza kujambula kanema wooneka bwino, koma mafoni ambiri sasunga liwiro la mafelemu mokhazikika, amasinthasintha malinga ndi kuwala ndi kutentha. Poyambira milomo imagwirizana, pofika mphindi yachitatu yatsalira. Gwiritsani ntchito pulogalamu yojambulira imene imalola kukhoma liwiro, shutter ndi white balance (pouzira kamera mtundu wa kuwala kwa pamalopo), kapena sinthani mafayilowo kuti akhale a liwiro lokhazikika musanayambe kudula.

Kuwala pa khungu lakuda

Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa wojambula ndi wongogwira kamera. Khungu lakuda silifuna kuthiridwa kuwala kwambiri, limafuna kuwala kotakata ndi kofewa, chifukwa maonekedwe ake amachokera pa kunyezimira kwa pamphumi, pamasaya ndi pamphuno. Nyali yaing'ono yolunjika imasiya kadontho koyera pamphumi, kwina konse kuli bii. Nyali yomweyo ikadutsa pa nsalu yoyera yaikulu, kapena ikamenya chikhoma choyera n'kubwerera, nkhope yonse imaumbika bwino. Ikani gwero la kuwalalo chapambali pang'ono ndiponso pafupi ndi munthu, kenako kanyali kena kumbuyo kwake kuti mapewa ndi mutu zisiyane ndi mdima wa kumbuyo.

Panja, dzuwa la masana limagwa pamutu n'kusiya maso m'maenje amdima. Kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, jambulani m'nyumba kapena pamthunzi wokhazikika, monga pakhonde. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali kuwala kumagwa madonthomadontho pankhope. Ngati simungachitire mwina, woimba afulatire dzuwa, ndipo wina agwire reflector, chobwezera kuwala pankhope, kutsogolo. Chidutswa chachikulu cha styrofoam kapena bolodi yoyera zimagwira ntchito yomweyo. Kuwala kokoma kwa m'mawa ndi kwa madzulo kuno sikukhalitsa. Tili pafupi ndi equator, dzuwa likangolowa cha m'ma 6 koloko mdima umagwa msanga, choncho chithunzi chofunika kwambiri cha madzulo chikhale chokonzeka ola lathunthu dzuwa lisanapendeke. Nyengo nayonso ili ndi zake: mu June ndi July chiperoni chikhoza kuphimba Blantyre, Thyolo ndi Mulanje kwa masiku angapo, kunyanja mwera umavutitsa drone ndi zovala, ndipo mu October utsi ndi fumbi zimayeretsa thambo n'kubisa mapiri amene munawadalira.

Makwaya ali ndi vuto lawolawo. Malaya oyera mbee pafupi ndi nkhope zakuda amasokoneza kamera ikakhala pa auto: imateteza malaya n'kudetsa nkhope. Mukakweza kuti nkhope zioneke, malaya amapsa n'kukhala chigamba choyera chopanda makwinya, ndipo chimene chapsa sichibwerera pa kompyuta. Ikani kwaya pamthunzi, tcherani kuwala ndi dzanja poyang'ana nkhope, ndipo yatsani zebra, timizere tochenjeza ta pa kamera, kuti ikuonetseni pamene payamba kupsa. Zovala za timizere tothithikana zipeweni, zimachita mafunde pa chithunzi. White balance ikhomedwe, pafupifupi 5600K panja ndi 3200K pa mababu achikasu. Ikasiyidwa pa auto, mtundu wa khungu umasintha pakati pa vesi.

Ngati mukudalira jenereta, werengerani mawati a nyali zonse ndipo musaidzaze mpaka pakamwa. Jenereta ya inverter imapereka magetsi okhazikika, pamene yamba ikamatsamwa nyali zimaphethira.

Tsiku lojambula

Sipika ikhale yamphamvu ndipo ikhale pafupi ndi woimba. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo felemu imodzi pa 25 ndi gawo limodzi mwa magawo 25 a sekondi. Ndiye kuti sipika ikakhala mamita 14 kutali, woimba amamva nyimbo mochedwa ndi felemu yathunthu. Pa kwaya yotambalala kapena ovina ambiri, a kumapeto amatsalira, choncho ikani sipika pakati, yobisika, kapena ikani ziwiri. Foni yolizira nyimbo ikhale pa flight mode, ndipo ilumikizidwe ndi waya ngati n'kotheka, chifukwa Bluetooth imadukaduka anthu akachuluka. Kamera izijambula mawu nthawi zonse ngakhale adzatayidwe, popeza mawu amenewo ndiwo mkonzi adzagwiritse ntchito polumikiza. Kutsogolo kwa fayilo ya playback ikani timabelu 4 totsatira kugunda kwa nyimbo kuti woimba adziwe polowera.

Woimba aimbe ndi mawu enieni, mokweza. Kungoyendetsa milomo kumaoneka, chifukwa khosi, chifuwa ndi mitsempha ya pankhope sizigwira ntchito. Ayeneranso kudziwa nyimbo yake mmene inajambulidwira, mpaka popumira ndi timawu tongoponyamo, osati mmene amaiimbira pa siteji.

Pamalo alionse jambulani nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, katatu mosiyana: chithunzi chotakata choonetsa malo, chapakati kuyambira m'chiuno, ndi chapafupi cha nkhope. Chilichonse kawiri. Ambiri amajambula tizidutswa, vesi apa, kolasi apo, ndiye pokonza amapeza mzere wina ulibe chithunzi chabwino ngakhale chimodzi. Yambani ndi chapafupi ngati kukutentha, nkhope isanatuluke thukuta, ndipo pakhale munthu wa paudala ndi kansalu amene ntchito yake ndi imeneyo basi. Mukamaliza chithunzi chilichonse chofunika, chionereni pomwepo mochikuza kuti mutsimikize focus. Pa kagalasi ka kamera chilichonse chimaoneka chakuthwa.

Werengerani makhadi musananyamuke. Kamera yojambula pa 100 Mbps (kuchuluka kwa data pa sekondi) imadya pafupifupi 750 MB pa mphindi, kapena 45 GB pa ola. Nyimbo ya mphindi 3 ndi theka, pamalo 3, zithunzi 3 pamalo alionse, chilichonse kawiri, ndi mphindi 63, pafupifupi 47 GB, musanawerengere sewero ndi todzazira. Khadi likhale la liwiro la V30 kapena kuposa, apo ayi kamera imaima pakati pa nyimbo. Madzulo omwewo koperani zonse m'malo awiri osiyana, ndipo musafufute khadi musanatsegule mafayilo n'kuona kuti akusewera. Magetsi akazima pakati pa kukopera fayilo imawonongeka mwakachetechete, choncho koperani pa laputopu ya batire yodzaza.

Zotsatsira nyimbo zimatengedwa tsiku lomwelo, woimba adakali m'zovala ndipo nyali zidakayaka. Kumuitananso sabata yamawa ndi ndalama zina. Patulani mphindi 20 pamalo alionse. Tengani kolasi kamera itaimirira, 1080 x 1920, ya TikTok, Reels, Shorts ndi status. Tengani zithunzi zoima za chikuto cha nyimbo, chimene masitolo a pa intaneti amachifuna cha mbali zofanana, kawirikawiri 3000 x 3000, ndi za poster, mutasiya malo opanda kanthu oti mudzalembepo. Tengani woimba akulankhula mawu ochepa oitanira anthu, apa pokha ndi maikolofoni ndipo jenereta itazima. Ngati mukufuna kudzadula choimirira kuchokera pa chogona, jambulani 4K ndipo woimba akhale pakati: pa 3840 x 2160 mumatsala ndi 1215 x 2160, zokwanira bwino, pamene pa 1080p mumatsala ndi 608 x 1080, zimene zimaoneka zofooka.

Pa kompyuta

Pulogalamu yokonzera kanema ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchito yonseyi, ena amagwiritsa Premiere Pro. Ikani WAV pansi n'kuikhoma. Lumikizani zithunzi zonse zoimba pamwamba pake, pulogalamu imatha kuzigwirizanitsa yokha pomvera mawu a kamera, koma tsimikizani ndi maso. Yang'anani pa m, b ndi p, m'mawu monga "mayi", "bambo", "pepani", pamene milomo imatsekeka: felemu imene yatsekeka ikhale pomwe liwulo likuyambira. Onani poyambira ndi kumapeto komwe. Kompyuta ikamalemedwa ndi 4K, pangani ma proxy, timafayilo topepuka todulira, m'malo movutika ndi chithunzi chomatamata chimene chimakunamizani pa milomo.

Ikani zizindikiro pa kugunda kwa nyimbo. Pa nyimbo ya 100 BPM, yogunda ka 100 pa mphindi, kugunda kumodzi ndi mafelemu 15. Koma musadule pa kugunda kulikonse, woonera amatopa ndipo amayamba kudziwiratu. Vesi ipume, kolasi ithamange, ndipo chithunzi chokongola koposa chisungidwire kolasi yomaliza kapena pamene ng'oma zaleka. Kudula pakati pa kayendedwe, dzanja likukwera kapena mutu ukutembenuka, kumabisa msoko bwino kuposa zokongoletsa zogula zothwanima.

Mitundu imakonzedwa pomaliza, woimba atavomereza kadulidwe. Ngati munajambula mu log, kajambulidwe kotulutsa chithunzi chotuwa choti chidzakonzedwe mitundu, chibwezeni kaye ku Rec.709, mitundu ya masiku onse ya pa TV, kenako fananitsani zithunzi zonse kuti khungu la woimba likhale limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pamenepo m'pamene mungaikepo maonekedwe amene mukufuna. Ma LUT, timafayilo tosintha mitundu ya chithunzi, ambiri otsitsa pa intaneti amasandutsa khungu lakuda kukhala lotuwa ngati phulusa kapena lofiira ngati njerwa. Kuyeretsa khungu la woimba pa kompyuta n'kumulanda nkhope yake, ndipo anthu amene amamudziwa amaona. Musanapereke, onerani kanemayo pa foni wamba, panja, chifukwa ambiri adzaonera pamenepo, ndipo mdima umene ukukoma pa kompyuta pa foni umangokhala bii. Nyimbo musaikhudze. Produsa anaimaliza, ndipo YouTube imatsitsa yokha nyimbo zokwera kwambiri kufika cha pa -14 LUFS, muyeso wa kukwera kwa mawu.

Tulutsani kanemayo m'mitundu ingapo ya fayilo. Wa YouTube ukhale H.264, mafelemu 25 omwe aja. YouTube imalangiza 8 Mbps pa 1080p, koma kupereka 15 kapena 20 kumathandiza chifukwa iyo imapanikizanso. Pa 20 Mbps nyimbo ya mphindi 3 ndi theka ndi pafupifupi 525 MB, ndiye konzekerani bandulo. Wa wailesi yakanema funsani kaye siteshoniyo mtundu wa fayilo ndi mlingo wa mawu umene imalandira, ndipo ukhale wopanda mawu otukwana kapena zithunzi zimene sizingaulutsidwe masana. Wachitatu ukhale wopepuka, 720p pa 2 Mbps, pafupifupi 55 MB, woti uziyenda pa mafoni. Potumiza kwa woimba kapena kwa atolankhani pa WhatsApp, tumizani ngati document, apo ayi umaphwanyidwa.

Kanema akwezedwe pa channel ya woimba, osati ya wojambula, chifukwa owonera ndi ndalama zimatsata channel. Nyimbo ilembetsedwe ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso m'Malawi, ndipo kanema amapatsidwa nambala yakeyake yomuzindikirira, ya ISRC, yosiyana ndi ya nyimbo. Ngati nyimbo inadzera kwa kampani yogawa nyimbo pa intaneti imene inailembetsa ku Content ID, njira ya YouTube yozindikirira nyimbo za eni ake, YouTube ikhoza kugwira kanema wa mwini wake yemwe, choncho uzani kampaniyo tsiku lotulutsa kanema lisanafike kuti ichotse channel ya woimba pa zogwidwa. Beat yotsitsa mwaulere, kapena yobwereka popanda pepala, imabweretsa vuto lomwelo, ndipo pamenepo ndalama zimapita kwa mwini beat. Chithunzi cha pachikuto cha YouTube chikhale 1280 x 720, nkhope yaikulu ndi mawu ochepa owerengeka pa foni. Kwezani kanemayo dzulo lake ali wobisika. YouTube imayamba yatulutsa mtundu wosaoneka bwino, HD imabwera pambuyo, ndipo mukalengeza nthawi yomweyo anthu oyamba, amene ndiwo amagawira anzawo, adzaonera wa 360p.